Kuchokera pa Mpukutu Kufika pa Sikirini: Mbiri ya Kalembedwe Kokopa Oweruza

Loya akamalemba mfundo zake amalembera munthu wotanganidwa, amene milandu ina makumi angapo ikumudikira, ndipo m'mayiko ambiri lero woweruzayo sagwiranso pepala. Amawerenga pa kompyuta, pa tabuleti, nthawi zina pa foni. Ena amati kusinthaku n'kokhudza akalaliki a khothi okha, poti lamulo ndi lomwelo kaya lasindikizidwa kaya likuwala pa sikirini. Mbiri ikutsutsa maganizo amenewa. Nthawi iliyonse imene chotengera mawu chinasintha, kuchoka pakamwa kupita pa mpukutu, kuchoka pa mpukutu kupita m'buku, kasanjidwe ka mfundo zokopa woweruza kanasinthanso. Nkhaniyi ikutikhudza ife olankhula Chichewa ndi Chinyanja mwapadera, chifukwa zambiri zimene anthu athu amawerenga zokhudza malamulo amaziwerengera pa foni.

Ku Athens wakale milandu inkakambidwa pakamwa, pamaso pa nzika mazanamazana zosankhidwa mwa maere. Nthawi ya wolankhula inkayezedwa ndi madzi otuluka mumphika wobooledwa: madzi akatha, mawu atha. Akatswiri monga Lysias ankalembera anthu mawu oti akaloweze pamtima n'kukalankhula okha pabwalo. Choncho cholembedwacho chinali kapolo wa khutu. Ku Roma, m'chaka cha 52 Khristu asanabadwe, lamulo la Pompey linapereka maola awiri kwa oimba mlandu ndi atatu kwa oteteza. Chaka chomwecho Cicero anaimirira Milo, amene ankaimbidwa mlandu wopha Clodius. Bwalo linazingidwa ndi asilikali, khamu linkakuwa, ndipo Cicero sanalankhule monga mwa masiku onse. Milo anagonja nathawira ku Massilia, mzinda umene lero ndi Marseille. Pambuyo pake Cicero analemba bwino lomwe mawu amene anayenera kulankhula, nawatumiza kwa Milo. Wolemba mbiri Cassius Dio akusimba kuti Milo anayankha monyogodola kuti unali mwayi kuti mawuwo sanalankhulidwe choncho pabwalo, apo ayi sakanakhala akudya nsomba zokoma za ku Massilia. Mawu olembedwawo akhala akuphunziridwa kwa zaka zoposa 2,000, koma mwini mlandu sanapindule nawo, chifukwa sanafike kwa oweruza pa nthawi ndi m'njira imene oweruzawo ankalandirira mawu.

Womvera sangabwerere m'mbuyo ndipo sangalumphe kupita kutsogolo. N'chifukwa chake akatswiri a Agiriki ndi Aroma anakonza dongosolo loti uyambe wakometsa mtima wa omvera, kenako usimbe nkhani, upereke umboni, ugwetse mfundo za mnzako, ndipo mawu olemera uwasungire kumapeto. Dongosolo limeneli si lachilendo kwa aliyense amene anakhalapo pabwalo la amfumu. Wolankhula amayamba wapereka ulemu, n'kuitenga nkhani kuchokera kumizu, mwambi n'kubwera pothera kudzamanga zonse. Amatha kutero chifukwa omvera ali m'manja mwake mpaka atakhala pansi.

Mpukutu unasunga mawu koma sunamumasule kwenikweni wowerenga. Unkafuna manja awiri, ndipo kuti upeze ndime ya pakati unkayenera kufunyulula zonse za patsogolo pake. Zilembo zinkalembedwa mondondozana popanda mipata pakati pa mawu. Zinthu ziwiri zinasintha zimenezi. Choyamba ndi buku la masamba osokedwa, limene pofika zaka za m'ma 300 ndi 400 linali litalanda malo a mpukutu. Chachiwiri ndi mipata pakati pa mawu, imene alembi a ku Ireland anaizika m'zaka za m'ma 600 ndi 700, monga akufotokozera Paul Saenger m'buku lake la mu 1997. Malamulo anapindula msanga. Mu 533 Mfumu Justinian inatulutsa Digest, maganizo a akatswiri a malamulo a Chiroma osanjidwa m'mabuku 50, buku lililonse logawidwa m'mitu. Ku Bologna, kuyambira cha m'ma 1100, aphunzitsi anayamba kulemba ndemanga m'mphepete mwa masamba, zolozera wowerenga ku ndime zina zogwirizana kapena zotsutsana ndi imene akuwerenga, ndipo m'zaka za m'ma 1200 Accursius anasonkhanitsa ndemanga zotere zoposa 90,000. Apa panabadwa wowerenga watsopano, wotha kutsekula pakati, kusiya chala pa tsamba lina, n'kuyerekeza ndime ziwiri. Wofuna kumukopa anayenera kuphunzira kuloza: buku lakuti, mutu wakuti, ndime yakuti.

Pepala linabweretsanso matenda ake. Ku England alembi a zikalata za kukhothi ankalipidwa molingana ndi kuchuluka kwa masamba, ndipo mawu anachulukana ngati nsabwe. Mu 1596, pa mlandu wa Mylward ndi Weldon, khothi linapeza kuti yankho la masamba 120 likanakwana pa masamba 16. Linalamula kuti chikalatacho chibooledwe pakati, wolembayo apisemo mutu, ndipo ayendetsedwe m'nyumba ya makhothi ya Westminster Hall aliyense akuona, kuwonjezera pa chindapusa. Chilankhulo nachonso chinali mpanda: Chilatini ndi Chifalansa cha maloya zinalamulira zikalata mpaka lamulo lokakamiza Chingerezi litayamba kugwira ntchito mu 1733.

Ku America n'kumene mfundo zolembedwa zinagonjetsa zolankhulidwa. Mu 1819 mlandu wa McCulloch ndi boma la Maryland unakambidwa masiku 9 m'khothi lalikulu la dzikolo. Mu 1849 khothilo linaika malire a maola awiri kwa loya aliyense, ndipo kuyambira 1970 mbali iliyonse imapatsidwa mphindi 30 zokha. Nthawi ya pakamwa ikamachepa, katundu yense amagwera pa pepala. Mu 1908, pa mlandu wa Muller ndi boma la Oregon, Louis Brandeis anapereka chikalata cha masamba oposa 100, mmene mfundo za malamulo zinangotenga masamba ochepa kwambiri, otsalawo n'kudzaza ndi malipoti a madokotala ndi oyendera mafakitale okhudza maola ogwirira ntchito amayi. Umboni wotere sukanatheka kuulankhula. Unkafuna munthu wokhala pansi ndi buku. Makhothi ataika malire a masamba, maloya anayamba kuchepetsa zilembo ndi kupanikiza mizere, mpaka mu 1998 malamulo a makhothi a apilo a boma lalikulu anayamba kuwerenga mawu m'malo mwa masamba: 14,000, amene anatsitsidwa kufika 13,000 mu 2016. England, imene inkanyadira kulankhula pabwalo, inagonjanso m'zaka za m'ma 1980, pamene khothi la apilo motsogozedwa ndi Sir John Donaldson linayamba kufuna kuti maloya azitsogoza mafupa a mfundo zawo polemba, zimene amazitcha skeleton arguments.

Miyambo imeneyi inafika kuno ndi atsamunda, ndipo inatigawa ngakhale tili a chilankhulo chimodzi. Lamulo la mu 1902 linakhazikitsa Khothi Lalikulu m'dziko limene lero ndi Malawi, n'kubweretsa malamulo a ku England. Zambia inatengera komweko. Zimbabwe ndi South Africa zinatsata malamulo a Chiroma osakanikirana ndi a Chidatchi, ndipo kumeneko mfundo zolembedwa amazitcha heads of argument. Abale athu a ku Tete ndi Niassa ali pansi pa mwambo wa Chipwitikizi, umene kuyambira kale umafuna kuti dandaulo lilembedwe m'ndime zazifupi zopatsidwa manambala. Mlimi wa ku Dedza ndi msuweni wake wa ku Angónia amakamba mlandu wa m'mudzi mofanana, koma akalowa m'khothi la boma zikalata zawo zimasiyana chilankhulo ndi kamangidwe komwe.

Kompyuta inalowa m'malamulo kudzera pa khomo la kufufuza. Lexis inayamba mu 1973, Westlaw mu 1975, zonse zolipiritsa. Mu 1992 sukulu ya malamulo ya pa yunivesite ya Cornell inayamba kuika malamulo pa intaneti kwaulere. Australia inatsatira ndi AustLII mu 1995, Britain ndi Ireland ndi BAILII mu 2000, ndipo kuno kwathu kunabwera SAFLII, MalawiLII ndi ZambiaLII. Pomwepo panabuka vuto limene palibe analiyembekezera: pa sikirini palibe tsamba. Kwa zaka mazana ambiri loya ankati onani buku lakuti, tsamba lakuti, koma chigamulo chimodzimodzi chikatsekulidwa pa makina awiri osiyana mawu amagwera malo osiyana. Pa 11 Januwale 2001 mkulu wa oweruza ku England, Lord Woolf, analamula kuti zigamulo za makhothi akuluakulu zizikhala ndi manambala a ndime, ndiponso nambala yakeyake yosadalira wosindikiza aliyense. Ndime inalowa m'malo mwa tsamba monga muyeso wa mfundo. Kenako zikalata za maloya nazo zinasamuka. Khothi Lalikulu la ku Gauteng linayamba kugwiritsa ntchito CaseLines kumayambiriro kwa 2020, mliri wa Covid-19 n'kufulumizitsa zotsalazo, ndipo Zimbabwe inatsekula njira yake yoperekera zikalata pa intaneti mu 2022.

Kodi munthu amawerenga bwanji pa sikirini? Mu 1997 Jakob Nielsen anapeza kuti anthu 79 mwa 100 alionse amene anawayesa ankangoyendetsa maso pa tsamba la pa intaneti, osawerenga liwu ndi liwu. Mu 2006, atatsatira maso a owerenga ndi makina, anaona kuti maso amayenda mojambula lembo la F: mizere yoyamba imawerengedwa yonse, yotsatira theka, kenako maso amangotsika ndi mphepete ya kumanzere. Tisathamange kunena kuti woweruza ndi chimodzimodzi munthu wofufuza mtengo wa nsapato. Woweruza analumbira kuti adzawerenga. Komabe mu 2018 Pablo Delgado ndi anzake, ataunika pamodzi kafukufuku 54 wokhudza anthu oposa 170,000, anapeza kuti kumvetsa kumatsikako pa sikirini poyerekeza ndi pa pepala, makamaka pa nkhani zofotokoza mfundo ndiponso pamene wowerenga ali ndi nthawi yochepa. Zinthu ziwirizi ndizo moyo wa woweruza wa tsiku ndi tsiku. Chifukwa chimodzi n'chosavuta kuchiona. Wogwira buku amadziwa pamene ali: makulidwe a masamba otsala amawamva m'dzanja, ndipo amakumbukira kuti mfundo ija inali kumanzere, chakumunsi. Wotsetsereza mawu ndi chala wabwerera ku mpukutu. Amaona kachigawo kamene kali pamaso pake, zam'mbuyo zakulungidwa, zam'tsogolo sizinafunyululidwe.

Maloya amene analingalira zimenezi, monga Robert Dubose wa ku Houston m'buku lake la mu 2010, anatembenuza dongosolo la Cicero. Yankho limabwera poyamba: chimene ukupempha khothi ndi chifukwa chake chachikulu zikhale m'mizere yoyambirira, chifukwa ndiyo yokha imene uli ndi chitsimikizo kuti iwerengedwa modekha. Timitu ta m'kati timasanduka ziganizo zathunthu. Kamutu koti "Mfundo Yachiwiri" sikanena kanthu. Koti "Wogulitsa sanaphwanye pangano chifukwa chimanga chinafika tsiku limene anagwirizana" kamagwira ntchito ngakhale woweruza atangowerenga zamkatimu. Ndime imafupika ndipo chiganizo chake choyamba chimasenza mfundo yonse, popeza wowerenga angagwere pamenepo kuchokera kwina kulikonse pofufuza liwu. Anthu a mumlandu amatchulidwa monga wogula ndi wogulitsa, mwininyumba ndi wobwereka, m'malo mwa wodandaula wachiwiri ndi woyankha wachitatu, kuti wowerenga asabwerere kukayang'ana kuti ndani ndi ndani.

Mikangano ina yakale inasintha nkhope. M'buku lawo la mu 2008, woweruza Antonin Scalia ndi katswiri wa kalembedwe Bryan Garner anatsutsana poyera: Garner ankafuna kuti maina a milandu yolozedwa azipita m'mawu a m'munsi kuti ziganizo ziziyenda bwino, Scalia n'kumakana kuti maso azikwera ndi kutsika. Pa pepala kutsitsa maso ndi nkhani yaing'ono. Pa tabuleti mawu a m'munsi amatha kukhala kunja kwa sikirini, ndipo mfundo ya Scalia inalemera kuposa mmene inalili poyamba. Malinki nawo analonjeza zimene aphunzitsi a ku Bologna ankachita m'mphepete mwa masamba, kuti woweruza angodina n'kuona umboni weniweniwo. Koma mu 2014 Jonathan Zittrain, Kendra Albert ndi Lawrence Lessig a ku Harvard anaonetsa kuti pafupifupi theka la malinki a m'zigamulo za khothi lalikulu la America sankalozanso ku zimene ankaloza poyamba. Timati mlandu suwola, koma linki imawola.

Pali ngozi ina imene okonda kufupikitsa saitchula kawirikawiri. Mfundo ya malamulo imakhala m'timawu tolumikiza: chifukwa, choncho, komabe, ngakhale, pokhapokha. Ukaiduladula kukhala mndandanda wa timadontho, timawu timeneti ndito timayamba kugwa, n'kutsala zonena zisanu zoimirira payekhapayekha popanda choonetsa kuti yachitatu ikuchokera mu yachiwiri. Mndandanda ndi wabwino pa masiku, pa ndalama, pa zofunika kuti mlandu utsimikizike. Pamene loya akupempha khothi kuti lisiyanitse mlandu uno ndi chigamulo chakale chofanana nawo, pamafunika ndime yolukidwa bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito ya timitu ndi mayankho otsogola ndi kumusungira woweruza mphamvu kuti adekhe pamalo oyenera kudekhapo.

Malawi anaona njira zonse zitatu tsiku limodzi. Pa 3 February 2020 oweruza asanu a Khothi Lalikulu, atakhala monga khothi loona za malamulo oyendetsera dziko, anapereka chigamulo pa chisankho cha pulezidenti cha mu 2019. Chinali cha masamba pafupifupi 500, ndipo kuwerenga kwake kunatenga tsiku lonse, dziko likumvetsera pa wailesi. Kwa omvera, dongosolo linali lakale lija: umboni wa mapepala ofufutidwa ndi Tippex poyamba, tanthauzo la mavoti oposa theka pambuyo, lamulo loti chisankho chichitikenso m'masiku 150 kumapeto, kunja kutada. Pa tsiku lotere kusungira yankho kumapeto kunali ndi phindu, chifukwa anthu anamva zifukwa asanamve wopambana. Kwa maloya okonzekera apilo, imene khothi la Supreme linaikana pa 8 Meyi, chinali chikalata cholozamo ndime. Kwa anthu ambiri masiku otsatira, chinafika m'zidutswa pa WhatsApp ndi Facebook, kachithunzi ka ndime imodzi kopanda za patsogolo ndi pambuyo pake. Wolemba zamalamulo lero ayenera kudziwa kuti ndime iliyonse ingathe kuyenda yokha, ndipo ailembe moti ikayenda yokha isaname.

Ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko la Malawi imapatsa womangidwa ufulu wouzidwa zifukwa m'chilankhulo chimene akumva, ndi womasuliridwa pozengedwa mlandu. Zikalata za makhothi akuluakulu zidakali m'Chingerezi, koma makalata a madandaulo, mapangano a ngongole, malangizo a mabungwe othandiza anthu pa malamulo ndi mafotokozedwe a zigamulo akulembedwa m'chilankhulo chathu, ndipo akuwerengedwa pa foni. Malangizo ochokera ku Houston sangangokoperedwa, chifukwa chilankhulo chathu chili ndi mphamvu ndi misampha yakeyake.

Mphamvu yaikulu ndi ufulu wotsogoza chimene tikukamba. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anaonetsa mu 1987 kuti mneni wa Chichewa akanyamula chizindikiro cha pamtherankhani, dzinalo limamasuka kukhala paliponse m'chiganizo. Tingathe kulemba kuti "Ngongoleyo wogula anaibweza yonse mwezi wa Malichi," liwu lofunika n'kukhala kumanzere kwenikweni, kumene maso amatsikira, popanda kupotoza chiganizo. Magulu a maina nawo amathandiza: chikalata chimaitana chi-, mlandu u-, lamulo li-, ndipo wowerenga sasochera.

Msampha woyamba uli pa anthu. Wogula, wogulitsa, mboni ndi woweruza, tikawapatsa ulemu, onse amakhala a-. Chiganizo choti "anawauza kuti abweze" chimamveka pabwalo, pamene wolankhula akuloza ndi dzanja. Pa foni, chiganizo cham'mbuyo chitakwera kale kunja kwa sikirini, sichinena kuti wauza ndani, wauzidwa ndani. Mankhwala ake ndi kubwereza dzina ngakhale khutu likuona ngati n'kuchulutsa mawu. Msampha wachiwiri ndi kukana. "Adzalipira" ndi "sadzalipira" zimasiyana ndi lembo limodzi, ndipo maso othamanga angalumphe lembo limodzi mosavuta. Pa mfundo imene mlandu wonse watsamira, kukanako kulimbikitsidwe: sadzalipira ndalama iliyonse, sadzalipira ngakhale tambala. Wachitatu ndi kamvekedwe ka mawu, kamene sitikalemba. "Sanabweze" angatanthauze kuti sanabweze pa nthawi imene ija, kapena kuti mpaka pano akanabwezabe, pakamwa liwu limasiyanitsa, polemba tiyenera kuwonjezera "tsiku limenelo" kapena "mpaka lero." Pa mlandu wa ngongole kusiyana kumeneku ndi ndalama.

Chingerezi cha malamulo chinatenga zaka mazana ambiri kuti chivule zovala za alembi olipidwa pa tsamba, ndipo sichinamalize. Chichewa cholembedwa cha malamulo n'chaching'ono, ndipo chiopsezo chake ndi kumasulira ziganizo zazitali za Chingerezi liwu ndi liwu, n'kutengera katundu amene eni ake akumutula. Amene akulemba zotere ku Lilongwe, ku Chipata, ku Tete ngakhale ku Johannesburg ali ndi mwayi woyamba ndi wowerenga amene alipodi: mayi amene walandira uthenga pa foni yong'aluka galasi, bandulo yatsala pang'ono kutha, ndipo akufuna kudziwa m'mizere itatu yoyamba ngati akuyenera kukaonekera kukhothi, tsiku liti, ndiponso atanyamula chiyani.